Opita Kukalira ndi Opita Kukalima

Nkhondo ya ku Gaza itabuka mu Okutobala 2023, makampani ambiri a ndege a ku Ulaya ndi ku America anaimika maulendo awo opita ku Tel Aviv. Alendo odzaona malo anachoka, ndipo antchito a m'minda zikwizikwi ochokera ku Thailand anamanga katundu kubwerera kwawo. Koma m'masabata omwewo panali magulu awiri a anthu amene ankalowera kumene anzawo ankathawa. Gulu loyamba linali la Ayuda okhala m'mayiko ena. Gulu lachiwiri linali la ana athu a kuno ku Malawi. Onse anatera pa bwalo limodzi la Ben Gurion, ena mwa iwo anagwira ntchito yofanana yothyola zipatso, koma chimene chinawadzutsa pakhomo sichinali chimodzi.

Ayuda aja anali atsogoleri a masunagoge, aphunzitsi, ndi ogwira ntchito m'mabungwe osamalira anthu a mtundu wawo ku America, ku Britain, ku South Africa ndi kwina. Ankapita m'magulumagulu, kwa masiku owerengeka. Ankafika m'midzi ya Be'eri ndi Kfar Aza, kumene anthu anaphedwa pa 7 Okutobala, tsiku limene asilikali a Hamas anadula mpanda n'kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250. Ankakhala pansi ndi mabanja a ogwidwawo, kuchezera ovulala m'zipatala, ndipo ena ankathera tsiku limodzi kapena awiri m'munda kuthandiza kukolola. Akabwerera kwawo ankafotokozera anzawo zimene aona, n'kusonkhetsa ndalama.

Mwambo umenewu si wachilendo kwa ife. Maliro n'kulirana. Uthenga ukafika kuti ku Makanjira kapena ku Nkhotakota kwagwa zovuta, m'bale amene ali ku Limbe sadikira kuti msewu ukhale bwino. Amakwera chimene chapezeka, akafike janaza isananyamuke, ndipo akachedwa amakakhalabe pasiwa kupepesa ofedwa. Munthu wopita kukalira ndi abale ake tikumumvetsa, ngakhale titasiyana naye pa nkhani ya nkhondoyo. Kwa Ayuda nawonso mwambowu ndi wakale. Pa nkhondo ya 1948, anthu pafupifupi 800 anachoka ku South Africa kukamenyera nawo dziko latsopanolo, nkhondo yomwe inachotsa anthu a ku Palestine oposa 700,000 m'midzi yawo. Mu 1967 achinyamata ambiri a Chiyuda ochokera kunja anapita kukagwira ntchito m'minda m'malo mwa amene anaitanidwa ku usilikali. Tionjezere apa mfundo imene nthawi zina imatayika m'machezo athu a pambuyo pa swala: si Ayuda onse amene anakwera ndege zimenezi. Pa 27 Okutobala 2023, Ayuda mazanamazana anadzaza siteshoni ya Grand Central ku New York kufuna kuti kuphulitsa Gaza kuleke, ndipo ambiri anamangidwa. Ku South Africa nako kuli Ayuda, monga Ronnie Kasrils, amene akhala kumbali ya Palestine kwa zaka zambiri. Myuda ndi boma la Israel si chinthu chimodzi, ndipo lilime lathu liyenera kudziwa kusiyanitsa.

Chimene chimapweteka pa maulendo amenewa ndi pamene ankathera. Kuchokera ku Kfar Aza, nyumba za Gaza zimaoneka ndi maso, ndipo alendowo ankamva mabomba akugwa tsidya linalo. Kumeneko kunalinso maliro, ochuluka kwambiri: unduna wa zaumoyo wa ku Gaza unawerenga anthu akufa oposa 40,000 pofika Ogasiti 2024, ndipo chiwerengerocho chinapitirira 60,000 mu Julayi 2025. Koma siwa ya kumeneko inali yotsekedwa. M'bale wa ofedwa wokhala kunja sakanatha kulowa kukapepesa. Atolankhani akunja sankaloledwa kulowa paokha. Chipata cha Rafah, chimene chinkatulutsa ovulala kupita ku Egypt, asilikali a Israel anachilanda mu Meyi 2024. Bungwe la Gift of the Givers, limene ambiri tinaliona likugawa ufa kuno pa nthawi ya namondwe Freddy, linataya mkulu wa ofesi yake ya ku Gaza mu Novembala 2023, ataphedwa akuchokera ku swala ya m'bandakucha.

Tsono ana athu anafika bwanji pakati pa zonsezi? Ulimi wa ku Israel umadalira manja a anthu ena. Nkhondo isanayambe, m'minda munali antchito a ku Thailand pafupifupi 30,000 komanso anthu a ku Palestine olowa ndi ziphaso. Pa 7 Okutobala antchito a ku Thailand ambiri anaphedwa ndipo ena anagwidwa. Ophunzira zaulimi khumi a ku Nepal anafera pa mudzi wa Alumim, ndipo anyamata awiri a ku Tanzania, anansi athu, anataya moyo. Boma la Israel linathetsa ziphaso za antchito a ku Palestine, n'kuitanira ku usilikali nzika zake zoposa 300,000. Mapeyala, malalanje ndi tomato zinali kupsa popanda wothyola. Ongodzipereka a masiku atatu sakanatha kukolola dziko lonse. Panafunika anthu ogona pamunda miyezi ndi zaka, ndipo anafunidwa kumene njala inali yaikulu kuposa mantha.

Pa 25 Novembala 2023, achinyamata 221 a ku Malawi ananyamuka. Mwezi womwewo ndalama ya kwacha inali itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza ndi chimanga zinali zitakwera, ndipo maboma a kummwera anali asanachire mabala a Freddy. Mwezi womwewonso kunamveka kuti Israel yapereka thandizo la madola 60 miliyoni ku Malawi. Anthu ambiri anamva za ulendowu ndege ili pafupi kunyamuka, ndipo mtsogoleri wa otsutsa m'Nyumba ya Malamulo pa nthawiyo, Kondwani Nankhumwa, anadzudzula boma chifukwa chochita zinthu mobisa ndi kutumiza ana a eni kumene mayiko ena ankachotsa awo. Boma linayankha kuti achinyamatawo akagwira ntchito m'madera otetezeka, ndipo palibe amene anakakamizidwa. Zoonadi, palibe anakokedwa ndi chingwe. Mizere ya ofuna kulembetsa inali yaitali.

Ndege imeneyo inanyamukira ku Lilongwe. Koma amene akufuna kumvetsa ulendo wotere ayenera kutsikira kummwera, ku Chileka, chifukwa bwalo la kumeneko ndilo linaona zoterezi kale, nthawi imene la ku Lumbadzi linali lisanatsegulidwe mu 1983.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, bungwe lolemba antchito a m'migodi ya golide ku South Africa, limene tonse tinkalitcha Wenela, linali ndi ndege zakezake. Zinkanyamula amuna pa Chileka kupita nawo ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchoka kumeneko ankakwera sitima mpaka ku Johannesburg. Agogo athu ambiri a kunyanja anayenda njira imeneyi. A ku Salima ndi ku Chipoka ankakwera sitima yodutsa ku Balaka, n'kuwoloka Shire, n'kuima pa Lirangwe ndi pa Lunzu isanalowe mu Blantyre. Mumzindamo ankafikira pa malo a Wenela, amene mpaka lero akutchedwa dzina lomwelo ngakhale tsopano ndi pokwerera basi. Ankavulidwa malaya kuti ayezedwe chifuwa, ankadinda chala pa pepala limene ambiri sankatha kuliwerenga, kenaka galimoto linkawatengera ku Chileka. Kwa ochuluka, limenelo linali tsiku loyamba kuona ndege pafupi.

Malipiro awo sankawalandira onse kumgodi. Gawo lalikulu linkasungidwa kuti adzalitenge pobwera, ndipo ndalamazo zinkadzera m'manja mwa boma la Malawi, limene linkapeza nazo ndalama zakunja. Apa m'pamene pali chinsinsi cha malonda amenewa, kale ndi lero: mwana akapita kunja, amene amapuma bwino si mayi ake okha, komanso nduna ya zachuma. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ankabwera ndi njinga, wailesi, makina osokera, malata, ndipo mizikiti ina ya m'midzi mwathu inafoleredwa ndi ndalama za ku Joni. Ankabweranso ndi fumbi la mwala m'mapapo, chifuwa chosamva mankhwala chimene chinkawadya pang'onopang'ono pakhonde.

Pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela yamtundu wa DC-4 inanyamuka ku Francistown kulowera ku Chileka, itadzaza amuna omaliza kontalakiti. Mafuta amene inathiridwa anali osakanikirana ndi amtundu wina. Injini zinalephera itangodzuka, ndipo inagwa n'kuyaka. Mwa anthu 84 amene anali m'katimo, 78 anafa, ndipo 74 mwa iwo anali Amalawi obwerera kwawo, katundu wa ana awo ali m'masutikesi. Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe anali bwenzi lapamtima la boma la azungu la ku Pretoria ndipo anali atakhazikitsa nalo ubale wa ukazembe mu 1967, analamula kuti kulemba anthu kuime. Migodi inagwedezeka, chifukwa Amalawi anali gulu lalikulu kwambiri la antchito akunja. Kulembako kunadzayambanso mu 1977, pa chiwerengero chochepa, dzina litasintha kukhala TEBA, limene ife tinalipinda n'kukhala Theba. Kunatheratu kuyambira mu 1988, pamene maboma awiriwa anakangana pa nkhani yoyeza magazi a antchito ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa m'zaka zotsatira.

Akatswiri a mbiri amati Kamuzu anali ndi chifukwa chinanso: minda ikuluikulu ya fodya imene inkatsegulidwa m'chigawo chapakati inkafuna manja, ndipo ngoziyo inam'patsa mpata. Zingakhale choncho. Komabe zinatengera maliro 74 kuti boma lifunse ngati malondawo anali oyenera, funso limene likanafunsidwa ndege isananyamuke.

Chileka yomweyo inali khomo la ubale wina. Malawi atalandira ufulu mu 1964, Israel inali m'gulu la mayiko oyamba kukhala nawo pa ubwenzi. Panali zabwino zimene sitingazikane. Madokotala a maso ochokera kumeneko anagwira ntchito kuno, ndipo Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso, anaphunzira pa chipatala cha Hadassah ku Jerusalem. Alangizi a ku Israel anathandizanso kuumba gulu la Malawi Young Pioneers, potengera magulu a achinyamata a kwawo amene ankaphatikiza khasu ndi mfuti. Pa malo monga Amalika ku Thyolo, Nasawa ku Zomba ndi Ngapani ku Mangochi, achinyamata ankaphunzira ulimi wamakono, ukalipentala ndi perete. Chimene Apayoniya anadzasanduka pambuyo pake, mlandu wake ndi wa Kamuzu ndi chipani chake. Koma ife a kunyanja tili ndi chifukwa chokumbukira, pakuti Henry Masauko Chipembere atalephera kulanda boma mu Febuluwale 1965, midzi ya ku Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, ndiyo inasakidwa, ndipo Apayoniya anali m'gulu la osaka. Mfuti zawo zinadzalandidwa ndi asilikali mu Disembala 1993, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani.

Mu Juni 1967 Israel inalanda kum'mawa kwa Jerusalem, kumene kuli Msikiti wa Al-Aqsa, pamodzi ndi West Bank, Gaza, Sinai ndi mapiri a Golan. Chaka chotsatira, mu 1968, Kamuzu anapita kukacheza ku Israel ngati mlendo wa boma. Nkhondo ya mu Okutobala 1973, imene inagwa m'mwezi wa Ramadhan, inachititsa mayiko pafupifupi onse a mu Africa kudula ubale ndi Israel. Mwa amene anatsala panali Malawi, Lesotho, Swaziland ndi Mauritius, ndipo Mauritius nayo inadula mu 1976. Asilamu a kuno sanafunsidwe, monganso Akhristu sanafunsidwe. M'masiku amenewo munthu sankafunsa kumene Ngwazi ikupita.

Ulamuliro wa Bakili Muluzi unatembenuzira nkhope ku mayiko a Aluya, ndipo mu 1998 Malawi anavomereza dziko la Palestine, popanda kudula ubale ndi Israel. Aliyense wopita ku bwalo la Chileka amadutsa pa Kameza, pamene Muammar Gaddafi wa ku Libya analonjeza chipatala chachikulu chimene sichinamalizidwe. Tikuchitchula kuti tisadzinamize: malonjezo a abwenzi achisilamu nawonso ena anathera pa maziko, ndipo dziko losauka limaphunzira msanga kuyang'ana dzanja limene latambasuka lero.

Dr Lazarus Chakwera atalowa m'boma mu 2020, analengeza kuti Malawi adzatsegula ofesi ya kazembe ku Jerusalem, ndipo nduna yake yoona za ubale ndi mayiko akunja, Eisenhower Mkaka, inapita kukabwereza lonjezolo mu Novembala chaka chomwecho. Ofesiyo inadzatsegulidwa mu Epulo 2024, nkhondo ili mkati, koma ku Tel Aviv, ndipo nduna Nancy Tembo inali komweko. Pa 18 Seputembala 2024, msonkhano waukulu wa United Nations unavota kuti Israel ichoke m'madera a Palestine amene inalanda. Mayiko 124 anavomera, 43 sanavote mbali iliyonse, ndipo 14 anakana. Mwa okanawo, dziko la mu Africa linali limodzi lokha, Malawi. Izi zinachitika pamene South Africa, kumene ana athu ambiri amakasaka ganyu, inali itasumira Israel ku khoti la mayiko onse ku The Hague mu Disembala 2023.

Motero Malawi nayenso wakhala akupita kukaima ndi Israel pa nthawi ya nkhondo, mu 1968, mu 1973, ndiponso mu 2024. Kusiyana kwake ndi Ayuda a m'masunagoge aja n'kwakuti iwo anapita okha, ndi ndalama za anthu awo, kwa abale awo, ali ndi tikiti yobwerera m'thumba. Mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera wapita. Ubwenzi wa dziko lathu unasainidwa ndi nduna, koma amene anakagona m'mphepete mwa munda, kumvera kulira kwa belu lochenjeza za mizinga ndi kuphunzira kumene kuli kobisala, anali mnyamata wa fomu folo yemwe sadziwa Chihebri ndipo mwina anakongola ndalama ya pasipoti.

Zizindikiro zinayamba kuoneka msanga. Mu Meyi 2024 boma linalengeza kuti Amalawi 12 abwezedwa kuchokera ku Israel, atagwidwa akugwira ntchito pa malo ophikira buledi m'malo mwa minda imene ziphaso zawo zinatchula. Boma linawadzudzula kuti aphwanya mgwirizano ndipo akuipitsa dzina la dziko. Ena mwa antchito anauza atolankhani kuti malipiro a m'minda anali ochepa kusiyana ndi zimene analonjezedwa. Munthu sathawa pamene pali bwino, makamaka m'dziko la eni pa nthawi ya nkhondo. Chiphaso chomangirira wantchito kwa bwana mmodzi chimam'sandutsa wolakwa tsiku limene wakana kuponderezedwa, ndipo agogo athu a ku Wenela ankachidziwa bwino chiphaso chotero.

Kwa banja lachisilamu pali kulemera kwina. Jerusalem ndi kibla yathu yoyamba, kumene Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ndi maswahaba ake ankayang'ana poswali kwa miyezi yoposa khumi ndi isanu atasamukira ku Madina, ndiponso kumene anapititsidwa usiku wa Isra. Mnyamata wathu wothyola mapeyala ali pa mtunda wa maola ochepa kuchokera ku Al-Aqsa. Koma mzere wa mitengo umene akuthyola unali wa munthu wina, bambo wa ku West Bank amene chiphaso chake chinathetsedwa ndipo ana ake akumuyang'ana, kapena wa ku Gaza amene mwina lero ali pansi pa zigumukire za nyumba yake. Mnyamatayo sanalande ntchitoyo. Anaipeza ili yopanda mwini. Sitinganene kuti ndi mdani wa Palestine chifukwa chofuna kugulira mayi ake malata. Amene tili ndi nsima ya madzulo ano tichepetse liwu pomuweruza. Koma sitinganenenso kuti ndalamayo ilibe nkhani kumbuyo kwake, ndipo mashehe athu sachita bwino akamangotemberera nkhondo pa mimbari, osakhala pansi ndi mabanja amene pepala lolembetsera lili kale pa mphasa.

Pa mphasa imeneyo pali mafunso amene makolo a 1974 sanapatsidwe mpata wofunsa. Kodi amene akulemba mwanayu ndi boma kapena ndi kampani ya munthu, ndipo ikudulapo zingati? Pasipoti idzakhala m'manja mwa yani? Mundawo uli kutali bwanji ndi malire a Gaza kapena a Lebanon, kumene mu Malichi 2024 mzinga unapha wantchito wa ku India ali m'munda? Akadwala adzalipira ndani? Adzatha kuswali Ijumaa, kupeza chakudya cha halal, kumanga Ramadhan pa dzuwa la m'chipululu? Ndipo funso limene mayi amaliopa kulitchula: Allah akam'tenga ali komweko, ndani adzam'sambitsa ndi kum'veka sanda, ndipo thupi lidzabwera kapena lidzaikidwa kwa eni? Mwana wofuna kupita amaona mafunso otere ngati kum'tchinga mwayi. Atsibweni ake ndiwo ayenera kuwafunsa, ndi kufuna mayankho olembedwa.

Pa Lirangwe lero sitima ya anthu siimanso kawirikawiri monga kale, koma msewu wa M1 sugona. Mabasi a ku Joni ochokera ku Blantyre amadutsa pamsika pomwepo kulowera ku Zalewa, n'kukhotera ku Mwanza, atanyamula anyamata a ku Mangochi ndi ku Machinga. M'chaka cha 2008 ndiponso cha 2015, mabasi ena anadutsa njira yomweyo mobwerera, atadzaza othawa zipolowe zodana ndi alendo, ambiri alibe ngakhale chikwama. Ndipo m'midzi ya kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe, pansi pa njira imene ndege zimatsikira polowa pa Chileka, monganso m'midzi yathu ya kunyanja, mudakali nkhalamba za ku Theba zosunga timapepala ta nambala ya kumgodi m'pulasitiki, zodikira ndalama za penshoni ndi za chipukutamisozi cha matenda a m'mapapo. Kangapo konse zaitanidwa kukalembetsa maina kwa DC. Zambiri zinaikidwa m'manda timapepalato tili m'sutikesi.